Yakima Canutt, katswiri amene ankagwa m'malo mwa anzake

Mukamaonera filimu ya makauboyi n'kuona munthu akugwa pahatchi yothamanga, nthawi zambiri amene wagwayo si katswiri amene dzina lake lili pachikwangwani. Pali anthu olembedwa ntchito yochita zoopsa m'malo mwa akatswiriwo, ndipo mmodzi mwa amene anaikonza ntchitoyi ndi Yakima Canutt.

Mkuluyu anabadwa pa 29 November 1895 m'chigawo cha Washington ku America, ndipo dzina lake lenileni linali Enos Edward Canutt. Anakulira pafamu ndipo anatchuka m'mipikisano yokwera mahatchi olusa, momwe anapambana kangapo. Luso limeneli ndi lomwe linamulowetsa m'mafilimu a ku Hollywood m'zaka za m'ma 1920, nthawi yomwe mafilimu analibe mawu.

Mafilimu olankhula atayamba, zinthu zinamuvuta chifukwa mawu ake anali osasa. M'malo motaya mtima, iye anasankha kumachita zoopsa m'malo mwa ena. Pamodzi ndi John Wayne, anakonza njira yojambulira ndewu: kamera imaikidwa pamalo oti chibakera chioneke ngati chafika pankhope pomwe chadutsa pambali. Njirayi ikugwiritsidwabe ntchito mpaka lero.

Mu 1939, mufilimu ya Stagecoach, Canutt anadumpha kuchoka pahatchi yake kupita pamahatchi okoka ngolo, kenako anagwera pakati pawo. Mahatchi 6 ndi ngolo yomwe zinadutsa iye ali chigonere pansi, koma anadzuka wamoyo. Chinamupulumutsa n'chakuti anali atawerengera liwiro la mahatchiwo komanso mpata wa pakati pawo asanayambe kujambula.

Ngakhale zinali choncho, ntchitoyi inamupweteka. Mu 1940 hatchi inamugwera pomwe ankasewera m'malo mwa Clark Gable mufilimu ya Boom Town ndipo anavulala kwambiri. Pambuyo pake anayamba kutsogolera kajambulidwe ka zigawo zoopsa. Njira ina yomwe ankagwiritsa ntchito, yogwetsa mahatchi ndi waya, inkavulaza ziwetozo ndipo inadzaletsedwa.

Ntchito yake yotchuka kwambiri ndi mpikisano wa magaleta mufilimu ya Ben-Hur ya 1959, yomwe inajambulidwa ku Rome. Mwana wake Joe, yemwe ankasewera m'malo mwa Charlton Heston, anaponyedwa kutsogolo kwa galeta koma anagwira n'kukweranso, atangochekeka pachibwano. Ngoziyo anaisiya mufilimuyo.

Mu 1967 Canutt analandira mphoto yapadera ya Oscar chifukwa cha luso lake komanso zipangizo zomwe anapanga zotetezera anzake pantchito. Anamwalira pa 24 May 1986 ali ndi zaka 90.

Mu 2025 ndi pomwe akuluakulu a mphoto za Oscar analengeza kuti kuyambira 2028 okonza zigawo zoopsa za mafilimu adzakhala ndi mphoto yawoyawo, patatha zaka zoposa 40 Canutt atamwalira.