Robert Innes: Wogulitsa vinyo amene anapeza nyenyezi yoyandikana ndi dzuwa

Pakati pa mapulaneti a Mars ndi Jupiter pali miyala yambirimbiri imene imazungulira dzuwa. Umodzi mwa miyalayi, wotalika makilomita pafupifupi 14 kuchoka mbali ina kufika ina, umatchedwa 1658 Innes. Anautulukira ndi Jacobus Bruwer mumzinda wa Johannesburg m'chaka cha 1953, ndipo anaupatsa dzinali pokumbukira Robert Innes, munthu amene sanalowepo m'kalasi ya yunivesite koma anatchukitsa chigawo cha kummwera kwa Africa pa sayansi ya zakuthambo.

Innes anabadwira ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, pa 10 November 1861. Anasiya sukulu ali wamng'ono, koma anapitiriza kudziphunzitsa yekha masamu ndi kayendedwe ka nyenyezi, moti pamene ankakwanitsa zaka 17 n'kuti atalandiridwa kale m'bungwe la Royal Astronomical Society.

Atakula anasamukira ku Sydney, m'dziko la Australia, kumene ankapeza ndalama pogulitsa vinyo. Masana ankakhala pa malonda, usiku n'kumayang'ana kumwamba ndi makina oonera zinthu zakutali. Kumeneko anayamba kupeza nyenyezi zoyenda ziwiriziwiri, zomwe ndi maso zimaoneka ngati imodzi.

Luso limeneli linafika m'makutu a David Gill, mkulu wa malo oonera zakuthambo a Royal Observatory ku Cape Town, yemwe anamuitana m'chaka cha 1896. Ntchito yomwe anamupatsa inali ya ulembi, yolemba makalata ndi kusamala mabuku, koma Innes anavomera chifukwa inamufikitsa pafupi ndi makina amphamvu. M'chaka cha 1903 anasankhidwa kukhala mkulu wa malo atsopano oona zanyengo ku Johannesburg. Pang'onopang'ono iye anasandutsa malowo kukhala oonera nyenyezi, ndipo m'chaka cha 1912 anayamba kutchedwa Union Observatory.

Chimene chinamveketsa dzina lake chinachitika m'chaka cha 1915. Panthawiyo akatswiri ankakhulupirira kuti Alpha Centauri, nyenyezi yowala imene imaoneka bwino kuthambo la kummwera, ndiyo yoyandikana kwambiri ndi dzuwa. Innes anafananiza zithunzi za dera limenelo la thambo zojambulidwa m'zaka zosiyana, ndipo anaona kanyenyezi kozirala kamene kanali katasuntha mofanana ndi Alpha Centauri, kulowera mbali imodzimodzi. Anazindikira kuti kanyenyezika kali paulendo umodzi ndi inzakeyo, ndipo m'chaka cha 1917 anakatcha Proxima, mawu a Chilatini otanthauza chinthu chapafupi kwambiri.

Miyeso ya m'zaka zotsatira inatsimikiza kuti iye sanalakwitse. Kuwala kochokera ku Proxima Centauri kumatenga zaka 4 ndi miyezi pafupifupi 3 kuti kufike padziko lapansi, ndipo palibe nyenyezi ina yodziwika yapafupi kuposa imeneyi. Komabe n'njofiira ndi yozirala kotero kuti munthu sangaione ndi maso okha. M'chaka cha 2016 akatswiri analengeza kuti apeza pulaneti imene imaizungulira.

Ntchito yaikulu ya moyo wake inali ya nyenyezi zoyenda ziwiriziwiri, ndipo anatulukira pafupifupi 1,600 za mtundu umenewu. Anamenyeranso nkhondo kwa zaka zambiri kuti Johannesburg ikhale ndi makina aakulu, omwe anaimikidwa m'chaka cha 1925 ndipo masiku ano amatchedwa ndi dzina lake. Yunivesite ya Leiden, ku Netherlands, inam'patsa digiri yaulemu m'chaka cha 1923.

Innes anapuma pantchito m'chaka cha 1927 ndipo anamwalira ku England pa 13 March 1933. Mwala wa 1658 Innes unapezeka patatha zaka 20 iye atamwalira, pamalo omwewo amene iye anawatsogolera kwa zaka 24. Mwalawu umazungulira dzuwa kamodzi pa zaka 4 zilizonse.