Enrico Fermi: katswiri amene anaona msanga kufunika kwa kompyuta

Enrico Fermi anabadwira mumzinda wa Rome, m'dziko la Italy, pa 29 Sepitembala 1901, ndipo maphunziro ake aukachenjede anachitira ku Pisa. Mu 1938 analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha kafukufuku wake pa ma neutron, tizidutswa tina ta mkati mwa atomu. Atalandira mphotoyo ku Stockholm sanabwerere ku Rome koma analunjika ku America, popeza boma la Mussolini linali litakhazikitsa malamulo osala Ayuda, ndipo mkazi wake Laura anali Myuda.

Pa 2 Disembala 1942, gulu limene ankatsogolera ku Chicago linayatsa ng'anjo yoyamba ya nyukiliya, ndipo mu 1944 iye anapita ku Los Alamos kumene kunkapangidwa bomba la atomu.

Nkhondo itatha, Fermi anabwerera ku Chicago n'kuyamba kufufuza zimene zimachitika tizidutswa totchedwa pion tikawombana ndi ma proton. Kupima kunkatheka, koma masamu otanthauzira zopimidwazo ankatenga nthawi yaitali powerengera pamanja. Motero mu 1952 anatengera ntchitoyo ku Los Alamos, kumene Nicholas Metropolis ndi anzake anali atangomaliza kupanga kompyuta yotchedwa MANIAC. Ngakhale anali wotchuka kale, Fermi anaphunzira kulemba malangizo a makinawo, ndipo masamu aja anayamba kutha m'mphindi zochepa.

Mu 1954 akuluakulu a yunivesite ya Pisa anali ndi ndalama zimene poyamba anafuna kumangira makina othamangitsa tizidutswa, koma ntchito yomanga makinawo inapita ku Frascati. Fermi anawalangiza kuti ndalamazo apangire kompyuta. Iwo anamvera, ndipo kompyutayo inatsegulidwa mu 1961. Mwini malangizowo sanaione, pakuti anamwalira ndi khansa ya m'mimba pa 28 Novembala 1954 ali ndi zaka 53.

Mu 1974 malo aakulu a kafukufuku apafupi ndi Chicago anatchedwa dzina lake, ndipo amadziwika kuti Fermilab. Pamene akatswiri a ku CERN, pafupi ndi Geneva, analengeza mu 2012 kuti apeza kachidutswa ka Higgs, makompyuta a ku Fermilab anali m'gulu la ambiri olumikizana m'mayiko osiyanasiyana amene anasunga ndi kusanthula zopimidwazo.