Edwin Hall, wophunzira amene adakayikira buku la katswiri

Edwin Herbert Hall adabadwa pa 7 November 1855 ku Gorham, m'chigawo cha Maine ku America. Atamaliza maphunziro ku Bowdoin College mu 1875, adagwirako ntchito yauphunzitsi asanapite ku yunivesite ya Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore, komwe ankasulidwa ndi Henry Rowland.

Ali kumeneko adawerenga m'buku la James Clerk Maxwell kuti maginito amakankha waya umene mukudutsa magetsi, osati magetsi enieniwo. Maxwell adali chiphona pa sayansi, koma Hall sadakhutire. Mu 1879 adamata kachidutswa kopyapyala kwambiri ka golide pagalasi, n'kudutsitsamo magetsi, kenaka n'kukaika pakati pa maginito amphamvu. Adapeza kuti magetsiwo akukankhidwira m'mphepete imodzi, moti pakati pa mphepete ziwirizo padabadwa kamphamvu kochepa koma kotheka kuyeza. Apa n'kuti kudakali zaka 18 kuti J. J. Thomson atulukire tinthu timene timanyamula magetsi m'waya.

Chinsinsi chagona pa nsonga ziwiri za maginito, yakumpoto ndi yakummwera. Nsonga imodzi ikayang'ana kachidutswako, magetsi amaunjikana kumanja. Mukatembenuza maginitowo, amaunjikana kumanzere. Mfundoyi ndiyo maziko a kachipangizo kotchedwa Hall sensor, kamene lero kamapezeka m'mafoni, m'mafani a kompyuta ndi m'magalimoto, momwe kamawerenga liwiro la matayala.

N'chifukwa chake mmisiri amayenera kusamala poika maginito pafupi ndi kachipangizoka. Tambiri timayankha nsonga yakummwera yokha, moti maginito akaikidwa chotembenuza timangokhala duu ngati tawonongeka. Tina timayatsidwa ndi nsonga yakummwera ndipo sitizima mpaka yakumpoto itadutsa. Wosadziwa izi angataye chipangizo chabwinobwino, chikhalirecho vuto ndi kayang'anidwe ka maginito.

Hall adayamba kuphunzitsa ku Harvard mu 1881 ndipo adapuma mu 1921. Adamwalira pa 20 November 1938 ku Cambridge, m'chigawo cha Massachusetts, asanaone zomwe adatulukirazo zikulowa m'zipangizo za tsiku ndi tsiku. M'zitsulo monga golide kamphamvuko n'kochepa zedi, choncho padafunika kudikira zipangizo za semiconductor, zomwe zidafala iye atamwalira kale.