Gunpei Yokoi

Gunpei Yokoi (10 September 1941 – 4 October 1997) anali injiniya wa ku Japan amene anapanga Game Boy, kachipangizo ka m'manja kosewerera magemu.

Moyo ndi ntchito

Anabadwira mumzinda wa Kyoto ndipo anaphunzira za magetsi pa yunivesite ya Doshisha. Mu 1965 kampani ya Nintendo inamulemba ntchito yokonza makina opangira makadi osewerera. Pambuyo pake anayamba kupanga zidole, ndipo mu 1980 anatulutsa Game & Watch.

Mpikisano pa msika

Game Boy inatuluka mu 1989 ndi sikirini yopanda mitundu. Makampani ena anabweretsa zipangizo za sikirini ya mitundu: Atari Lynx mu 1989 ndi Sega Game Gear mu 1990. Komabe Yokoi ankakhulupirira kugwiritsa ntchito zida zakale zotchipa m'njira yatsopano. Game Gear inkafuna mabatire 6 amene ankatha m'maola ochepa, pomwe Game Boy inkafuna 4 okha ndipo ankakhalitsa. Ku America, Game Boy inkagulitsidwa pafupifupi madola 90 pamodzi ndi gemu ya Tetris, pamene Lynx inali pafupifupi madola 180. Game Boy ndi Game Boy Color zinagulidwa zoposa 118 miliyoni, kusiya opikisana nawo kutali.

Zaka zomaliza

Chipangizo chake cha Virtual Boy cha mu 1995 sichinayende malonda. Mu 1996 anachoka ku Nintendo n'kukhazikitsa kampani ya Koto. Anamwalira atagundidwa ndi galimoto pamsewu wa Hokuriku Expressway. WonderSwan, imene ankapanga ndi kampani ya Bandai, inatuluka mu 1999.