Colin Chapman ndi Chinsinsi cha Magudumu Akumbuyo

Aliyense amene anakwerapo ngolo popita ku msika wa Mitundu adziwa kuti gudumu limodzi likagwa m'dzenje ngolo yonse imapendekeka, pakuti magudumu awiriwo ali pa chitsulo chimodzi. Galimoto zambiri zakale zinali chomwecho kumbuyo kwake, ndipo pa liwiro la mpikisano kupendekeka kotere kunkatha kuchotsa galimoto mumsewu. Lero tikambe za mmisiri wa ku England amene analimbana ndi vuto limeneli, Colin Chapman.

Chapman anabadwa pa 19 Meyi 1928 ku Richmond, ndipo anaphunzira umisiri wa zomangamanga pa University College London. M'chaka cha 1948 anakonza kagalimoto kakale ka Austin 7 kuti kalowe m'mipikisano. Mu 1952 anayamba kampani ya Lotus m'khola la akavalo kuseri kwa hotela ya atate ake ku Hornsey, atakongola mapaundi 25 kwa Hazel Williams, amene anadzamukwatira mu 1954.

Nzeru yake inagona pa mfundo imodzi: tayala limene lili m'malere silikankha galimoto, siliikhotetsa, siliiimitsa. Motero pamene ena ankaumitsa masipuling'i, iye ankawafewetsa kuti tayala lizitsata nthaka. Zimene ankalimbitsa ndi thupi la galimoto ndi zida zodzaza mafuta zimene zimaletsa sipuling'i kudumphadumpha.

Mu 1957, pa galimoto za Lotus 12 ndi Lotus Elite, anaonetsa njira imene mpaka lero imatchedwa Chapman strut. Gudumu lililonse lakumbuyo linayamba kukwera ndi kutsika palokha. Sipuling'i ndi chida chamafuta chija anaziphatikiza kukhala mzati umodzi woimirira pa gudumu. Chitsulo chozungulira chimene chimapereka mphamvu ya injini ku gudumu anachipatsa ntchito yachiwiri, yoletsa gudumulo kupita cham'mbali. Zitsulo zinachepa, galimoto inapepuka, liwiro linakula.

Zipatso zake zinaoneka. Jim Clark anapambana mpikisano wa dziko lonse wa Formula One mu 1963 ndi 1965 akuyendetsa Lotus, ndipo mu Formula One anapambana komaliza pa Kyalami, ku South Africa, pa 1 Januwale 1968. Pa moyo wa Chapman, Lotus inatenga chikho cha opanga galimoto kasanu ndi kawiri.

Koma kupepukako kunali ndi mtengo wake, ndipo oyendetsa ena ankadandaula kuti Lotus sichedwa kuthyoka. Mu 1960 ku Spa, m'dziko la Belgium, gudumu lakumbuyo linachoka pa Lotus 18 ya Stirling Moss, ndipo iye anathyoka miyendo. Mu 1970 Jochen Rindt anafera mu Lotus 72 ku Monza, m'dziko la Italy. Ukatswiri wa chaka chimenecho anapatsidwa ali m'manda.

Chapman anamwalira ndi nthenda ya mtima pa 16 Disembala 1982, ali ndi zaka 54, dzina lake likumveka pa nkhani ya ndalama za boma la Britain zimene zinasowa ku kampani ya DeLorean. Mnzake wa ku Lotus, Fred Bushell, analowa nayo m'ndende mu 1992.

Wachinyamata amene akuphunzira umakanika pa Nathenje, m'mbali mwa msewu wa M1, angatolepo ziwiri. Choyamba, kuumitsa masipuling'i si kukonza galimoto. Funso n'lakuti, kodi tayala likugwira nthaka? Chachiwiri, chitsulo chimene chapatsidwa ntchito ziwiri chikathyoka, ntchito zonse ziwiri zimaima nthawi yomweyo, munthu ali m'kati. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika.