Septimius Severus

Lucius Septimius Severus (11 Epulo 145 – 4 Febuluwale 211) anali mfumu yaikulu ya Roma kuyambira mu 193 mpaka 211. Ndiye mfumu yoyamba ya Roma yobadwira mu Africa, ndipo banja lake linakhala pampando mpaka mu 235.

Chiyambi chake

Severus anabadwira ku Leptis Magna, mzinda wa m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, m'dziko limene lero ndi Libya. Ali mnyamata anapita ku Roma, komwe analowa m'nyumba ya malamulo ya Senate m'nthawi ya Marcus Aurelius. Mkazi wake woyamba atamwalira, anakwatira Julia Domna wa ku Emesa m'dziko la Syria, amene anamuberekera ana aamuna awiri, Caracalla ndi Geta.

Kulanda ufumu

Mfumu Commodus anaphedwa pa 31 Disembala 192. Pertinax, amene analowa m'malo mwake, anaphedwa ndi asilikali olondera mfumu pasanathe miyezi itatu, ndipo asilikaliwo anapereka ufumu kwa Didius Julianus yemwe anawalonjeza ndalama zambiri. Apa nkuti Severus ali bwanamkubwa wa chigawo cha Pannonia. Asilikali ake anamulonga ufumu ku Carnuntum, ndipo mu Juni 193 analowa mu Roma, Julianus ataphedwa kale. Anachotsa ntchito olonda onse aja n'kuikapo anthu ake.

Panali akuluakulu ena awiri olimbirana naye mpando. Anagonjetsa Pescennius Niger ku Issus mu 194, kenako Clodius Albinus ku Lugdunum, komwe lero ndi Lyon, mu 197. Pambuyo pake anapha aphungu ambiri amene anali kumbali ya Albinus.

Ulamuliro wake

Severus anamenyana ndi ufumu wa Parthia, nalanda likulu lawo la Ctesiphon, ndipo kumpoto kwa Mesopotamia kunakhala chigawo cha Roma. Chipilala chokumbukira nkhondoyi, chomwe chinamangidwa mu 203, chikadalipo ku Roma.

Mphamvu zake zinali pa asilikali. Anawakwezera malipiro, anawalola kukhala ndi akazi awo, ndipo anakhazikitsa magulu ankhondo atatu atsopano. Kuti ndalama zikwane, anachepetsa siliva wa m'ndalama ya denarius. Mafumu otsatira anapitiriza mchitidwewu mpaka ndalamayo inatha mphamvu. Sanaiwale kwawo: ku Leptis Magna anamangitsa bwalo lalikulu, nyumba yoweruzira milandu ndi doko. Mabwinja ake ali m'gulu la malo otetezedwa ndi UNESCO.

Imfa yake

Mu 208 anapita ku Britain ndi ana ake kukamenya nkhondo kumpoto, kumene lero ndi Scotland. Anadwala n'kumwalira ku Eboracum, mzinda umene lero ndi York. Ufumu anausiyira ana ake onse awiri, koma iwo sankamwerana madzi. Chaka chisanathe, Caracalla anaphetsa Geta pamaso pa mayi awo.

Gwero la mbiri yake

Zambiri za Severus zimachokera kwa Cassius Dio, phungu amene anakhala m'nthawi yake, ndi kwa Herodian. Buku la Historia Augusta linalembedwa patapita zaka zoposa 100 ndipo lili ndi nkhani zina zopeka, choncho ofufuza amaliyerekezera ndi ndalama zakale komanso zolembedwa pamiyala asanalikhulupirire.