Adoniram Judson: Zaka 6 Popanda Wotembenuka

Pa cikondwerero ca zaka 50 timakonda kuwerenga zipatso. Ine ndafuna kuti tikumbukire munthu amene analima nthawi yaitali asanaone ngakhale ngala imodzi.

Adoniram Judson anabadwa mu 1788 ku Malden, m'dziko la America, ndipo atate ake anali abusa. Mu February 1812 anakwatira Ann Hasseltine, ndipo patangopita milungu iwiri anakwera combo kupita ku India kukalalikira. Kampani ya Angerezi imene inali kulamulira kumeneko sinafune amishoni, motero inawacotsa. Mu July 1813 anafika ku Rangoon, m'dziko la Burma, limene lero licedwa Myanmar. Mwana wao woyamba anabadwa wakufa akali m'combo. Waciwiri, Roger, anamwalira asanakwanitse caka.

Anthu a ku Burma anali otsatira cipembedzo ca Buddha, ndipo kusiya cipembedzo ca mfumu kunali kuika moyo pa ciswe. Judson anakhala zaka akuphunzira cinenero cao, kenaka anamanga kanyumba m'mbali mwa mseu kuti aziceza ndi odutsa. Munthu woyamba, Maung Naw, anabatizidwa mu June 1819, patapita zaka 6. Akulu a mpingo, taganizani: mbusa abwere ku msonkhano wa pa caka kasanu konse ndi lipoti lopanda dzina la wobatizidwa. Ndikayika ngati ife tikanamusiya pa malowo.

Mu 1824 kunabuka nkhondo pakati pa Britain ndi Burma. Judson anaganiziridwa kuti ndi kazitape, ndipo anamangidwa ku Ava, mzinda wa mfumu. Anakhala m'ndende miyezi 17, m'maunyolo. Usiku alonda anali kukweza mapazi a akaidi pa nsungwi, mapewa okha ndiwo otsala pansi. Ann, ali ndi pakati, anali kumubweretsera cakudya ndi kupempha cifundo kwa nduna. Mapepala a Cipangano Catsopano cimene mwamuna wake anamasulira anawasokera mu mtsamiro wolimba, ndipo Judson anali kutsamira pomwepo. Powasamutsira ku ndende ina mtsamirowo unatayidwa, koma Mkristu wina wa komweko anautola, nchito ya zaka zambiri nipulumuka.

Cowawa koposa cinadza atamasulidwa kale. Ann anamwalira mu October 1826, Judson ali kutali pa ulendo, ndipo uthenga anaulandira pa kalata. Patapita miyezi 6 mwana wao Maria anatsatira amake. Apa mtima wa munthuyu unasweka. Anapatuka kwa anzake nakakhala m'kanyumba ka kuthengo pafupi ndi Moulmein, anakumba manda, ndipo anali kukhala pambali pake masiku ambiri. Iye mwini anavomera kuti anali kukhulupirira Mulungu koma sanali kumupeza. Mbali iyi ena amaidumpha posimba mbiri yake. Kwa ine ndiyo yofunika, pakuti m'masiku amenewo analibe cimwemwe kapena cizindikiro ciliconse. Anatsala ndi lonjezo lokha, monga Abrahamu amene anadikira Isake zaka 25. Anacoka pa mandapo nabwerera pa tebulo lake lomasulira.

Mu 1831, pa cikondwerero cacikulu ku Rangoon, anthu zikwi anadza okha kudzapempha timabuku ta Uthenga Wabwino, ena ocokera kutali kwambiri. Mtundu wa Akaren, umene unali wonyozeka, unayamba kulandira Kristu mwaunyinji. Mu January 1834 Judson anatsiriza kumasulira Baibulo lonse m'cinenero ca ku Burma.

Anamwalira mu April 1850 ali m'combo, pa ulendo wofuna mphepo yabwino cifukwa ca matenda a m'cifuwa, ndipo thupi lake linaikidwa m'nyanja. Manda alibe. Baibulo lija Akristu a ku Myanmar akali kuliwerenga m'mipingo yao mpaka lero.